Makina Ometera a Agostinho

M'mudzi wina wa ku Ntengo-Wambalame, m'zaka zija nkhondo idafika poti munthu ukamva kulira kwa galimoto umayamba wayang'ana kothawira, mudali mwamuna mmodzi yekha wa chibwano chosalala. Dzina lake adali Agostinho. Amuna ena onse ankangodula ndevu ndi sizasi, ena ankazipala ndi phale la botolo, ena adangozileka kuti zidzionere zokha, chifukwa malezala adali atasowa m'masitolo pamodzi ndi mchere ndi sopo. Koma Agostinho adagwirako ntchito ku doko la Beira, ndipo pobwerera kumudzi adabwera ndi makina ometera. Kadali kachitsulo ka chigwiriro chachifupi, kamene umapotokola kumutu kwake, n'kugonekamo lezala, n'kumanganso. Malezalawo, amene kuno timati malamina, ankawasunga m'kachitini kamene ngakhale mkazi wake Rosalina sankadziwa pamene kankabisidwa.

Lamulungu lililonse m'mawa ankatulutsa mpando pakhonde, n'kukoleka kagalasi pa msomali, n'kuyamba mwambo wake anthu opita kutchalitchi akuona. Ndipo tisamunamizire, kumeta ankakudziwa. Ankayamba wanyika kansalu m'madzi otentha n'kukafunditsa kumaso mpaka ndevu zitafewa. Ankapukusa kachidutswa ka sopo m'manja mpaka thovu litakwanira, n'kudzola masaya ndi khosi lonse. Makinawo ankawagwira ndi nsonga za zala, osawakanikiza, akuyenda pang'onopang'ono kutsata kumene ndevu zagonera. Akafika pakhosi ankachepetsanso liwiro, pakuti ankadziwa kuti khungu la pamenepo n'lanthete ndipo ndevu zake sizigonera mbali imodzi. Pomaliza ankasamba madzi ozizira n'kudzisisita chibwano, maso ali kumsewu kuti aone amene wasirira.

Kubwereketsa ndiye ayi. Mnansi wake Luciano adapita kukagwada pakhonde lomwelo kutatsala tsiku limodzi kuti akwatire, ndipo adabwerako ndi ndevu zake zonse. Zimenezo anthu ankamukhululukira, pakuti chinthu chikasowa, mwini wake amaloledwa kuuma manja. Koma Agostinho ankamana ngakhale mawu. Ukamufunsa kuti bwanji iye satuluka tiziphuphu pakhosi, ankangoseka n'kunena kuti nzeru za ku Beira sizigawidwa pamsewu. Munthu womana mchere timamumvetsa, poti mchere umatha. Nanga mawu amathanso?

Tsiku lina Loweruka m'mamawa, chifunga chisanachoke m'minda ya mbatata, Rosalina adapeza munthu atakhala kuseri kwa nkhokwe. Adali wowonda, mapazi atang'ambika, ndevu zitapotana mpaka pachifuwa, zodzaza ndi tizinyalala ta m'tchire. Mayiyo adafuna kukuwa.

"Mana, musakuwe. Ndine Leonardo."

Adali mlongo wake wamng'ono, wa kwawo ku Chidzolomondo, amene ankamuitana kuti mana, ndiye kuti achemwali. Anthu a kutchire, zigawenga zimene zinkamenyana ndi boma, adamugwira ali m'munda wa fodya chaka chapitacho, n'kumusandutsa wonyamula katundu wawo. Adasenza matumba a chimanga ndi mabokosi olemera mpaka tsitsi la paliwombo lidatha ndi nkhata. Atapeza mpata adathawa, koma kwawo adamva kuti kudatsala mapulusa okhaokha, choncho adayenda mobisala kudutsa dziko lonse la Angonia kuti adzafike kwa mlongo wake. Rosalina adamugwira m'mapewa, akulira mopanda phokoso, n'kumulowetsa m'nyumba.

Tsono lamulo la masiku amenewo lidali lodziwika. Munthu wochokera kutchire ankayenera kukaonekera kwa komandante wa milisiya, ndiye kuti mkulu wa alonda a mfuti a m'mudzimo. Ankamuvula malaya pagulu n'kumuyang'ana m'mapewa ndi m'mbali mwa khosi, pamene lamba wa mfuti amakhuza munthu amene wayenda nayo nthawi yaitali. Wopanda chipsera ankamufunsa mafunso n'kumupereka kwa abale ake, pakuti ogwidwa othawa adali ambiri. Koma wa chipsera cha lamba ankamutumiza kwa asilikali ku Tsangano, ndipo ambiri opita kumeneko sitidawaonenso. Leonardo mfuti sadaigwirepo. Mapewa ake adali osalala bwinobwino. Chomudetsa nkhawa chidali ndevu zokha, chifukwa nkhope yotere ikaonekera pabwalo, anthu ankayamba kukuwa kuti bandidu, ndiye kuti chigawenga, munthu asanatsegule n'komwe pakamwa.

Komandante adali atapita ku Tsangano ndipo ankayembekezeka pakati pa sabata. Rosalina adaona kuti nthawi ilipo yoti mlongo wake adye, mapazi apole, ndi kumeta.

"Bambo a Francisca," adatero kwa mwamuna wake, pomuitana ndi dzina la mwana wawo, "mlamu wanuyu mumuthandize makina aja. Sangakaime pabwalo chonchi."

Agostinho adamuyang'ana Leonardo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo m'maso mwake mudalibe chisoni ngakhale pang'ono. Apa pafunika ndikuuzeni chimene chidali mumtima mwa munthuyu, ngakhale n'chochititsa manyazi kuchinena. Zaka zambiri m'mbuyomo, atangokwatira Rosalina, adakakhala chikamwini ku Chidzolomondo, ndipo apongozi adamupatsa khasu kuti aunde mizere ya fodya. Manja ake adali a ku doko, khasu sankalidziwa, ndiye mizere idatuluka yokhotakhota. Leonardo, amene panthawiyo adali kamnyamata kopanda ndi ndevu imodzi yomwe, adaseka mpaka kugwa pansi. Basi, mlandu wake udali umenewo. Kuseka kwa mwana! Mwamuna wamkulu adakusunga mumtima zaka zonsezo, nkhondo n'kubwera, midzi n'kupsa, anthu n'kufa, iye mangawa ake ali phee, akudikira tsiku.

Adadikira mpaka Rosalina atapita kumunda. Kenaka adalowa kuchipinda, n'kutuluka ndi makina aja. Lamina imene adaikamo idali yakale, imene iye adaisiya itabuntha, m'mphepete mwake mutayamba dzimbiri.

"Kametereni kuseri kwa khola," adatero. "Munthu asaone kuti makina anga atuluka m'nyumba. Akaona mmodzi, mawa mudzi wonse uli pakhomo pano."

Leonardo adalandira ndi manja awiri. Ndevu zake zidamera nkhondo itayamba kale, malamina atasowa, ndiye chinthu chotere adali asanachigwirepo chibadwire. Adachitembenuza uku ndi uku.

"Ndiyambire pati, alamu?"

"Inu kufunsa ine? Paja inu ndinu akatswiri a mizere yowongoka. Ife a mizere yokhota tingakuuzeni chiyani?"

"Mizere iti, alamu?"

"Mwaiwala. Chabwino. Pitani, mwamuna saphunzitsidwa kumeta."

Ndiye adapita, alibe sopo, alibe galasi, alibe ndi liwu limodzi lomwe la malangizo. Atangoika makina pa tsaya, adakodwa m'ndevu zazitalizo n'kumuzula mpaka misozi. Adaganiza yekha kuti ayambe wazifupikitsa, ndipo adatero ndi mpeni wosendera mbatata. Kenaka adatunga madzi ozizira a m'mbiya ya pakhola, a m'mawa wa ku Tsangano amene amaumitsa zala, n'kudziwaza kumaso. Lamina yobuntha idakana kudula, ndiye iye adachita chimene munthu wa khasu amachita nthaka ikauma: adawonjezera mphamvu. Masaya adapirira. Koma atafika pakhosi adayamba kupala kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mosemphana ndi ndevu, chifukwa adaona kuti potero ndi pamene zikuchoka. Kumbali ya kumanja, pansi pa nsagwada kutsikira kuphewa, ndevu zake zidamera mozungulira, ndipo pamenepo adabwerezapo kambirimbiri, akupapasa ndi chala, akamva chiputu n'kupalanso. Pomaliza khosi lidali likutentha ngati walipaka tsabola, ndipo timadontho ta magazi tidali ponseponse.

Rosalina pobwera kumunda adaponya khasu pansi.

"Mayi ine! Wakuchita chonchi ndani?"

"Ndadzichita ndekha, mana. Kaya ndi mmene zimakhalira poyamba."

"Bambo a Francisca, inu mumatuluka magazi chonchi mukameta?"

"Aliyense ndi khungu lake," adayankha Agostinho, osatembenuka n'komwe.

M'mawa mwake lidali Lamulungu. Agostinho adatulutsa mpando wake pakhonde monga mwa masiku onse. Leonardo sankatuluka panja, koma adakhala m'kati pafupi ndi chitseko, akuonera pa mng'alu, khosi litatupa tiziphuphu tofiira. Adaona madzi otentha akufuka nthunzi. Adaona kansalu kakufunditsidwa kumaso. Adaona thovu, adaona lamina yonyezimira ikutuluka m'kapepala kake, adaona dzanja likutsika mopepuka, kamodzi pamalo amodzi, n'kutsukuluza makina m'madzi lisanapitirire. Zonse zimene akadauzidwa dzulo lake m'mawu ochepa, adaziphunzira tsopano ndi maso, khungu litawonongeka kale. Mlamu wake atalowa, adamufunsa mwaulemu.

"Kodi alamu, madzi ake amafunika otentha?"

"Mwaona nokha."

"Ndipo pakhosi mumatsata kumene ndevu zagonera, osakanikiza?"

"Ee, maso muli nawo."

"Nanga bwanji simudandiuze dzulo?"

"Mudandifunsa za madzi inu? Mudandifunsa poyambira."

Kunena zoona, pamenepa munthu wina akadamva manyazi. Akadati pepani alamu, ndachita mopitirira, khalani kaye khungu lipole, tsiku la komandante ndidzakumetani ndekha. Mawu otere salipiritsa. Koma Agostinho adali asanakhute. Adamugwira Leonardo chibwano, n'kuchitembenuzira kowala, n'kupukusa mutu ngati dokotala.

"Apa patsala ziputu zambiri. Komandante akaona zimenezi adzadziwa kuti mwangochotsa ndevu za kutchire. Mawa mupitenso pamenepa, pasalale."

"Ayi!" adalowerera Rosalina. "Khungu lili pabala chonchi, alipalenso? Musiyeni lipume. Inuyo simumeta masiku otsatizana."

"Za ndevu uzidziwira kuti iwe? Akamutenga mlongo wakoyu chifukwa cha ziputu, usadzandilirire ine."

Agostinho ankadziwa bwino lomwe kuti khungu lopsa salibwereza, amalisiya masiku mpaka litapola. Koma Leonardo adali ndi mantha a munthu amene waona anzake akuphedwa panjira chifukwa chongotsimphina, ndipo mawu akuti akamutenga adamulowa m'mafupa. Lolemba adapitanso kuseri kwa khola. Ulendo uno adafunditsa madzi, adapempha kasopo kwa mlongo wake, adatsata ndevu monga adaonera. Zonse adachita bwino, koma adazichita pa khungu la zilonda, ndi lamina yomwe ija ya dzimbiri. Idadula mitu ya tiziphuphu tonse. Rosalina adamudzoza mafuta a nsatsi, koma sizidathandize. Kolala ya malaya amene adamubwereka idakhuzanso pomwepo, ndipo pofika tsiku limene komandante adabwera, kumanja kwa khosi kudali chilonda chachitali, chofiira, cha mafinya m'mphepete, chotsika kuchokera pansi pa khutu mpaka pafupi ndi phewa.

Adakaonekera pabwalo la sukulu dzuwa lili pamutu, anthu atazungulira. Komandante adali mwamuna wa maso otopa, wosakonda kukuwa. Adamvetsera nkhani ya Leonardo mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, chifukwa nkhani zotere adali atamva zambiri.

"Vula malaya."

Leonardo adavula. Komandante adayang'ana mapewa, adapapasa paliwombo pamene nkhata idadya tsitsi, ndipo nkhope yake idaoneka kuti yakhutira. Rosalina adayamba kupuma bwino. Kenaka mkuluyo adazungulira kumanja, n'kuima.

"Ichi n'chiyani?"

"Lamina, kamarada komandante. Ndidali kuphunzira kumeta."

"Lamina imadula mzere umodzi, mbali imodzi, pamalo pomwe pamadutsa lamba wa mfuti?"

"Ndevu za pamenepo n'zozungulira, ndiye ndidabwerezapo kwambiri. Sindinkadziwa."

"Lamina waitenga kuti iwe wochokera kutchire?"

"Makina a alamu anga, a Agostinho. Adandibwereka."

Bwalo lonse lidaphulika ndi kuseka. Sikudali kuseka kwa nkhanza, kudali kwa anthu amene amva chinthu chosatheka. Makina a Agostinho kubwerekedwa! Komandante adakweza dzanja kuti kukhale bata, n'kuitana Agostinho kuti abwere kutsogolo.

"Kamarada, munthu uyu akuti mudamupatsa makina anu. Zoona?"

Apa ndiye padali pozimira moto, ndipo madzi adali m'manja mwake. Liwu limodzi lokha, ee. Akadatero, komandante akadaitanitsa makinawo, akadaona lamina ya dzimbiri, akadapita kuseri kwa khola n'kupeza mulu wa ndevu, anthu akadaseka za mlendo wosadziwa kumeta, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Agostinho adayang'ana mfuti za milisiya. Adaganiza kuti akavomera, amufunsa chifukwa chimene adathandizira munthu wa kutchire kusintha nkhope. Adaganizanso, ndipo ichi ndicho chonyansa kwambiri, kuti akavomera pagulu, mudzi wonse udziwa kuti makina aja amabwerekeka.

"Nada, ayi ndithu, kamarada komandante. Makina anga satuluka m'manja mwanga. Aliyense pano akudziwa."

"Bodza!" adakuwa Rosalina, akudzikankhira kutsogolo. "Mudamupatsa Loweruka ine ndili kumunda! Lolemba adameta ine ndikuona! Bambo a Francisca, opani Mulungu!"

"Musamumvere, kamarada," adatero Agostinho. "Mkazi amanama chifukwa cha mlongo wake. Ndani sadziwa zimenezo?"

Komandante adayang'ana anthu. Luciano, mnansi uja, adakanda kumutu, ndipo poti adali munthu wosadziwa kunama, adanena chimene ankadziwa.

"Ine za chilondacho sindikudziwa. Koma makinawo adandimana ine pa ukwati wanga, nditagwada. Kuti angabwereke munthu, ine sindikhulupirira."

Ena adavomereza ndi mitu. Umbombo umene Agostinho adaulima zaka zonse udamuimira umboni tsiku limenelo, ndipo bodza lake lidaoneka loona kuposa choonadi cha anthu awiri.

Leonardo sadakuwe. Milisiya akumumanga manja kumbuyo ndi chingwe cha ng'ombe, iye adayang'ana mlamu wake.

"Alamu, sindikupempha chinthu chanu. Nenani zimene zidachitika basi."

Agostinho adayang'ana pansi, n'kutemetsa nkhwangwa pamwala kachiwiri, kuti iye za kumeta kwa munthuyo sakuzidziwa. Madzulo omwewo Leonardo adakwezedwa pa ngolo ya thirakitala yonyamula mbatata, milisiya awiri atamukhalira uku ndi uku, kulunjika ku Tsangano.

Atafika kunyumba, Agostinho adagwira ntchito mwachangu kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake. Lamina yakale ija adakaiponya m'chimbudzi. Ndevu za kuseri kwa khola adazisesa n'kuzitentha, phulusa lake n'kulimwaza m'ndowe. Makina adawatsuka, adawapukuta, n'kuikamo lamina yatsopano. Atamaliza adakhala pampando wake n'kupuma mpweya wautali.

"Ndapulumutsa nyumba ino," adatero kwa mkazi wake. "Lero sukuona, koma udzandithokoza."

Rosalina adasonkha moto. Adawotcha mbatata, adakazinga chimanga, n'kumanga zonse m'kansalu. Francisca adakamusiya kwa mkazi wa Luciano, ndipo kutacha adauyamba wapansi wa ku Tsangano, kutsata mlongo wake.

Agostinho adagona bwino masiku ochepa okha. Chimene nzeru za ku Beira zidalephera kumuuza n'chakuti bodza lake lidali ndi mchira. Ngati chilonda chija sichidali cha lamina, ndiye kuti chidali cha lamba wa mfuti. Ngati chidali cha lamba wa mfuti, ndiye kuti Leonardo adali msilikali wa kutchire. Ndipo ngati adali msilikali wa kutchire, nanga amene adamubisa m'nyumba kuyambira Loweruka, kumudyetsa, kumuveka malaya, osauza aliyense, adali ndani? Akuluakulu a asilikali ku Tsangano sadavutike kuwerengera zimenezi. Milisiya omwe aja adabwerera ndi chingwe chomwe chija, n'kumupeza pakhonde.

"Ine? Ndalakwa chiyani? Si ine ndidakuthandizani?"

"Mwasunga bandidu m'nyumba, kamarada. Mwatero ndi pakamwa panu pabwalo."

Pamenepo choonadi chidatuluka chokha, mothamanga, chikupunthwa. Adalumbira kuti mlamu wake sadagwirepo mfuti, kuti chilonda chija n'cha lamina, kuti iye mwini ndiye adamupatsa makina ndi lamina yobuntha, ndiponso kuti ndiye adamuuza kuti abwereze.

"Lamina yakeyo ili kuti?" adafunsa komandante, amene adabwera nawo.

"Ndi... ndidaitaya m'chimbudzi."

"Ndevu zimene adameta?"

"Ndidazitentha."

"Alipo adaona mukumupatsa?"

Padalibe. Iye mwini ndiye adaonetsetsa kuti pasakhale woona. Anthu amene adasonkhana pamsewu adangoyang'anizana, ndipo wina adanena chapansipansi kuti munthu akaona chingwe amatha kunena chilichonse, ngakhale kuti amabwereketsa makina.

Njira yonse ya ku Tsangano, pa ngolo ya mbatata, Agostinho adagwira mawu amodzi. Ankati akangofika, amuitanire mlamu wake, awaike pamodzi, awafunse payekhapayekha, aone ngati nkhani zawo sizigwirizana. Leonardo ndi munthu wabwino, ankatero, sangandikane. Taonani nkhope ya munthu! Amene adamukana pagulu ndi amene ankamudalira tsopano, ndipo ankadalira ubwino womwewo umene adauponda.

Pa chipata cha bwalo la asilikali adapeza Rosalina atakhala pansi, kansalu ka chakudya kali pamiyendo, kosamasula. Maso ake adali ouma, atatupa.

"Rosalina! Leonardo ali kuti? Auze amuitane, adzanene yekha!"

"Leonardo wapita m'mawa uno," adatero mayiyo osadzuka. "Amukweza pa galimoto za asilikali zopita ku Tete, pamodzi ndi ena. Ngakhale mbatata izi sadandilole kumupatsira."

Agostinho adafuna kumuyandikira mkazi wake. Milisiya adamugwira m'khwapa.

"Ndiye iweyo, mkazi wanga. Iwe udaona. Lowa ukawauze kuti adameta ndi makina anga, ukawauze!"

Rosalina adadzuka pang'onopang'ono, n'kukutumula fumbi pa chitenje chake, n'kumuyang'ana m'maso.

"Ndidawauza kale, bambo a Francisca, inu muli pomwepo. Mudati mkazi amanama chifukwa cha mlongo wake. Lero andikhulupirira bwanji ndikamalankhula chifukwa cha mwamuna wanga?"

Chipata chidatsekedwa iye ali m'kati. Adatulukamo patapita miyezi yambiri, akuyenda mokoka mwendo, khutu limodzi litagontha, ndipo adapeza Rosalina atawolokera ku Malawi ndi mwana, osasiya uthenga. Za Leonardo, ena ankati adamuona m'gulu la ogwira ntchito ya kalavulagaga kutali kumwera, ena ankati sadafike n'komwe ku Tete. Mtendere udabwera, othawa adabwerera, mayina ambiri otayika adapezeka, koma lake silidamvekenso.

Mnyamata amene adapulumuka m'manja mwa anthu a mfuti, amene adayenda dziko lonse ndi mapazi ong'ambika, adakathera pa zinthu zimene zidali m'nyumba ya mlamu wake: madzi otentha, kachidutswa ka sopo, ndi mawu ochepa akuti tsatani kumene ndevu zagonera, musakanikize, khungu likapsa lisiyeni lipole. Agostinho adaumira zimenezo poganiza kuti moto uli pa chibwano cha wina sungamufike iye. Akuluakulu adanena kale, ndipo sadanene mongocheza, kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.